Kodi Msilikali Amvere Ndani?

Pa 5 Epulo 2012 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anakomoka kunyumba yachifumu ku Lilongwe ndipo anamwalira tsiku lomwelo. Boma linangoti zii. Usiku wa pa 6 akuluakulu a boma asanu ndi mmodzi, amene anthu anadzawapatsa dzina loti "Midnight Six", anaonekera pa kanema wa MBC kunena kuti wachiwiri kwa pulezidenti, Joyce Banda, sangalowe m'malo chifukwa anayambitsa chipani chakechake. Komatu gawo 83 la malamulo aakulu a dziko likunena mosabisa kuti mpando ukatsala wopanda munthu, wachiwiri kwa pulezidenti ndiye amakhalapo.

Maso onse anali pa asilikali. Lipoti la komiti yofufuza za imfa ya Bingu, lomwe linatuluka mu 2013, linanena kuti ena m'boma anapempha mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, kuti atenge ulamuliro. Iye anakana, ndipo pa 7 Epulo mayi Banda analumbiritsidwa.

Funso loti msilikali amvere ndani ndi lakale kwambiri. Msilikali amaphunzitsidwa kumvera osafunsa, ndipo gawo 78 la malamulo aakulu aja limaika pulezidenti kukhala mkulu wa asilikali onse. Nanga wolamulayo akayamba kupotoza lamulo lomwe linamuika pampando, wogwira mfuti atsate munthu kapena lamulo? Okhulupirira amaudziwa mkanganowu: Aroma 13 amalimbikitsa kugonjera olamulira, pomwe mu Machitidwe 5 atumwi akukana kumvera akuluakulu pa nkhani yosemphana ndi chifuniro cha Mulungu. Mbali ziwirizi zonse zili m'buku limodzi.

Amalawi amanyadira asilikali awo, ndipo m'pomveka. Pa zionetsero za chisankho cha 2019, anthu ankathawa utsi wokhetsa misozi wa apolisi koma ankakuwa mokondwera akaona magalimoto a asilikali akubwera kudzawaperekeza. Mkulu wa asilikali panthawiyo, General Vincent Nundwe, anachotsedwa paudindo mu Malichi 2020, n'kudzabwezeretsedwa boma litasintha.

Koma nkhani ya Operation Bwezani imavuta kuiweruza. Mu Disembala 1993, asilikali awiri ataphedwa ndi a Young Pioneers ku Mzuzu, asilikali anathira nkhondo misasa ya apayoniya, kuwalanda zida, ambiri mpaka kuthawira ku Mozambique. Zimenezi zinalambula njira ya chisankho cha 1994, ndipo ndi ochepa amene analira nazo. Chokhacho n'chakuti mkwiyo wa kumabalaki ndi umene unayatsa motowo, osati chigamulo cha Nyumba ya Malamulo kapena khoti. Chinthu chabwino chinabwera kudzera pakhomo loopsa, ndipo khomo lomwelo lingathe kudzalowetsa chilombo.

Ku Zimbabwe zinaoneka. Mu Novembala 2017 khamu la anthu linavina m'misewu ya Harare, ena kujambulitsa ndi asilikali pafupi ndi akasinja, pamene General Constantino Chiwenga anakankha Robert Mugabe pampando. Pa 1 Ogasiti 2018, m'misewu yomweyo, asilikali anatumizidwa kukabalalitsa anthu odandaula za chisankho ndipo anthu asanu ndi mmodzi anawomberedwa n'kufa.

N'chifukwa chake zimene anachita Odillo zikulemera kuposa zonsezi. Sanasankhire dziko mtsogoleri wakumtima kwake. Anakana kusankha, n'kusiyira malamulo ntchito yawo. Chodetsa nkhawa n'chakuti masiku awiri aja mtendere wa dziko unatsamira pa chikumbumtima cha munthu mmodzi, pomwe pulezidenti ali ndi mphamvu yosankha ndi kuchotsa mkulu wa asilikali. Odillo yemweyo anachotsedwa mu Juni 2014, boma latsopano litangolowa kumene.