Kodi kudziletsa n'kuumira?

Pali mawu amene Mmalawi sakonda kuwamva pamene nsima ili pamphasa, ndipo mawuwo ndi oti "zakwana." Mlendo akawanena timati wanyoza ndiwo. Mwini nyumba akawanena timati ndi woumira. Dokotala akawanena timavomera ndi mutu, koma tikangotuluka panja timauzana kuti ameneyu njala sadaione. Tsono funso limene ndikufuna kuti tilingalire pamodzi sabata ino, awerengi, ndi ili: m'dziko lomwe chakudya chimasowa kawirikawiri ngati lathu lino, kodi munthu wochepetsa dala zimene akudya ndi kugula akuchita zanzeru, kapena wangouveka malaya atsopano umbombo wake wakale?

Funsoli sindidalitole m'mabuku. Kuno ku Njuli, m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Zomba, ine ndi mayi a kunyumba kwanga tili ndi kamwambo kathu. Chaka chilichonse m'mwezi wa Juni, chimanga chikatonoledwa, kuthiridwa mankhwala a nankafumbwe ndi kusokereredwa m'matumba, timapatula madzulo amodzi oti tiwerenge chaka. Timatenga kope momwe mayiwa amalemba zogula, timatenganso timabuku tathu ta kuchipatala momwe anamwino amalemba sikelo ndi BP. Ndiye timafunsana: tadya chiyani chaka chino, ndalama yapita kuti, nanga matupi athuwa akuti chiyani? Ena pamudzi pano amatiseka. Akuti kwa aujeni amawerenga nyemba zili mumphika.

Otisekawo sindiwapeputsa, pakuti ali ndi mfundo zitatu zolemera.

Yoyamba ndi njala. Agogo athu ankasimba za njala ya 1949 ngati kuti idachitika dzulo. Ife tidadzionera ya 2002, pomwe anthu ankalimbirana gaga pachigayo. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola mbewu m'minda, ndipo kwa Ntauchira, m'boma lathu lomwe lino la Chiradzulu, matope ndi miyala zochokera m'phiri zidakwirira nyumba ndi anthu omwe. Chaka chotsatira dzuwa lidaotcha chimanga mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Munthu wokulira m'zoterezi amaphunzira chinthu chimodzi: chikapezeka idya, za mawa sizidziwika. Kumuuza kuti asiye nsima ina m'mbale kuli ngati kumuuza kuti aiwale zonse zimene maso ake adaona.

Yachiwiri ndi kuonda. Amene tidali akuluakulu m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mmene kuonda kudasandukira chiweruzo. Munthu akangotsika thupi, anthu ankayamba kunong'onezana za kaliwondewonde, ena n'kumagawana kale katundu wake m'mitima. Kuno ku Chiradzulu ndi kumene bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwala a ma ARV mu 2001, ndipo tidaona ndi maso athu anthu omwe tidawataya kale mtima akudzuka, masaya akubwerera, akugwiranso khasu. Chizindikiro choyamba cha moyo wobwererawo chidali kunenepa. N'chifukwa chake mawu oti "koma ndiye mwanenepa!" kwathu kuno ndi moni waulemu. Sindingamuseke munthu woopa kuonda, ndikudziwa maliro amene adalira.

Yachitatu ndi mlendo. Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho umamupatsa zabwino zonse nthawi ikadalipo. Banja lowerengera masipuni a shuga, amatero otisekawo, tsiku lina lidzawerengera mlendo nthongo za nsima.

Mfundo zitatuzi n'zoona, koma sizimaliza nkhani. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi bungwe la WHO, udayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, ndipo udapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri mwa iwo asakudziwa n'komwe. Kafukufuku wina wa mu 2015 ndi 2016, wa ofesi yowerengera anthu ya ku Zomba, adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Taganizani bwino pamenepa. Anthu awiriwa, wamkulu wa BP ndi mwana wopinimbira, sakhala m'maiko awiri ayi. Amakhala mudzi umodzi, nthawi zina denga limodzi. Si kuti aliyense wa BP ngwodya kwambiri, ena amatengera kumtundu ndipo ena ndi oonda kumene. Komabe zinthu ziwirizi zikapezeka pakhomo limodzi, tiyenera kufunsa chimene chikudyedwa ndi amene akudyacho, osangofunsa za kukula kwa mbale.

Imani pamsika wa Njuli madzulo, malole a kwale akudutsa ndi fumbi lawo, ndipo muone. Bambo watsika minibasi yochokera ku Limbe. Waima pachiwaya, walamula tchipisi ndi kanyenya, wathira mchere wambiri, watsitsira botolo la chakumwa chotsekemera, n'kupukuta pakamwa mosamala. Akufika kunyumba akupeza ana akudyera nsima madzi a tomato, iye n'kumati lero zinthu sizinayende. Bambo ameneyu palibe amamutcha woumira, chifukwa ndalama yake imatuluka msanga m'thumba. Koma amene wamana ana ake dzira ndani?

Onaninso nandolo. Minda yathu kuno ndi timagawo tating'ono, anthu tidachulukana, ndipo nandolo ndiye amatipulumutsa: amakula pakati pa chimanga, amabwezera chonde m'nthaka, ndipo ndi chakudya chomanga thupi. Koma timamugulitsa yense kwa mavenda, ndalamayo n'kugulira buledi, shuga ndi mafuta oyeza m'timachubu. Mu 2017 dziko la India, lomwe linkagula nandolo wathu wambiri, lidachepetsa kwambiri woitanitsa kunja, ndipo mitengo idagwa pansi. Alimi adalira, ndipo kulira kwawo kudali koyenera, pakuti fizi ya ana idali m'matumba amenewo. Koma chaka chimenecho m'makomo ambiri ana adadya nandolo mokwanira. Zidatengera lamulo la ku New Delhi kuti mwana wa ku Chiradzulu adye zolimidwa kuseri kwa nyumba yake. Chimodzimodzi ufa. Tikakonola chimanga, kuviika ndi kuyanika kuti ufa uyere mbee, gaga ndi kamtima ka njere kokhala ndi mafuta timapatsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo thumba limatha msanga kusiyana ndi la mgaiwa. Timalipira kawiri pachigayo kuti tidye zochepa mphamvu, chifukwa mgaiwa tidautcha nsima ya amphawi ndi ana a sukulu zogonera.

Apa ndi pamene ndimaona kusiyana kwa woumira ndi wodziletsa. Ukawayang'ana patali amafanana, onse abweza dzanja. Koma tsatirani chimene asungacho muone kumene chapita. Cha woumira sichipita kulikonse: chimanga chimafumbwa m'nyumba mlongo wake akugona ndi njala, ndipo iye mwini sasangalala nacho. Cha wodziletsa chimayenda. Ndalama ya zakumwa yasanduka matemba ndi nsinjiro, dzira losagulitsidwa lalowa m'phala la mdzukulu, thumba lopulumuka pa mgaiwa lafika kwa azakhali m'mwezi wa Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zimalira mphepo. Woumira ndi wankhuli ndiwo apachibale enieni, pakuti onse awiri akuganiza za iwo okha, wina za thumba lake, wina za pakhosi pake.

N'chifukwa chake pa mafunso atatu aja mayi a kunyumba adaonjezapo lachinayi, ndipo ndilo lalikulu: ndani wadya nafe chaka chino? Amati, "Bambo, tikawerenga n'kupeza kuti matumba atsala ambiri koma palibe amene anasamba m'manja pakhomo pano, ndiye kuti anthu aja akunena zoona, tikuwerengadi nyemba." Choncho mlendo kwathu nkhuku imamufera ndithu, ndipo akafuna nsima ya ufa woyera amaipeza. Chimene chidasintha ndi cha masiku wamba, masiku osabwera mlendo, omwe ndiwo ambiri pachaka.

Ndipo zosinthazo si zodabwitsa. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Ambiri mwa maguluwa ali pakhomo pomwepo. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha, nkhwani ndi kholowa zili m'munda, mapapaya ndi mapeyala ali kuseri, khobwe ndi mtedza sizisowa, ndipo mbatata yofiira mkati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi kukula kwa ana. Bungwe la WHO limati mchere wa munthu wamkulu usafike magalamu 5 patsiku, ndiko kuti kasipuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Shuga asapitirire magalamu 50, pafupifupi timasipuni 12, ndipo botolo limodzi la chakumwa chotsekemera likhoza kutenga theka la muyezo umenewo kapena kuposa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Wina anena kuti, "Iyayi, pakamwa ndi panga, ndalama ndi yanga, ndikafa ndafa ndekha." Bwenzi zili choncho matendawa akadakhala aulemu, n'kumangotenga munthu usiku umodzi. Koma sitiroko kawirikawiri siitero. Imapha ziwalo mbali imodzi, munthu n'kukhalapo zaka. Amene amamutembenuza pamphasa, kumusambitsa ndi kumudyetsa ndi mnzake wa m'banja. Amene amasiya sukulu kuti azisaka ndalama ya galimoto yopita ku Nguludi kapena ku Queens ndi mwana wake. Mchere umene munthu amathira yekha pachiwaya, mtengo wake amadzalipira ndi anthu omwe sadaulawe. Apa ndiye pagona nkhani ya chikhalidwe. Munthu ukakwatira kapena kukwatiwa, thanzi lako limakhala ngati denga la nyumba: ndiwe udafolera, koma likadontha onse amanyowa.

Ichi ndicho chifukwa chake kuwerengaku timachita awiri. M'mabanja ambiri thumba lili kwa bambo, mphika uli kwa mayi, ndipo aliyense amadziwa theka la nkhani. Mayi akhoza kuchepetsa mchere m'ndiwo, koma saona zapamsika. Bambo akhoza kusiya mowa, koma sadziwa kuti mafuta a mwezi akutha m'sabata ziwiri. Kope lija likatsegulidwa pakati pa awiri, palibenso woweruza mnzake, pali anthu awiri akuyang'ana chaka chimodzi. Sikuti timagwirizana zonse ayi. Chaka chatha tidakangana za nandolo. Ine ndinkati tigulitse wambiri mtengo ukadali bwino, tipeze feteleza. Iwo adati, "Feteleza tidzagula kuti tikolole chakudya, ndiye tigulitse chakudya kuti tigule feteleza? Bambo, matumba awiri awa sachoka m'nyumba muno." Onse tidali ndi mfundo, ndipo palibe buku lomwe likadatiweruza. Poti ine pano ndine mkamwini ndipo munda ngwa kwawo, mukhoza kulota mmene mlanduwo udathera. Chachikulu n'choti udakambidwa m'mwezi wa Juni matumba ali odzaza, osati m'Januwale pamene njala imalankhula m'malo mwa anthu.

Ndichenjezepo chinthu chimodzi, kuopa kuti nkhaniyi ingasanduke chitonzo. Pali mabanja ambiri amene sasankha chodya. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti m'mwezi wa Novembala 2023, mitengo ya sopo, mafuta ndi shuga idakwera, ndipo alipo amene adayamba kudya kamodzi patsiku. Kuima pamaso pa mayi wotero n'kumamuphunzitsa kudziletsa ndi mwano. Iye sakudziletsa, akumanidwa. Udindo umene ndikunenawu ngwa ife amene tili ndi kosankha, ngakhale kochepa: aphunzitsi, ogulitsa m'maokala, oyendetsa kabaza wa njinga zamoto, alimi amene takololako. Ndipo njala imene otiseka aja amakumbukira ndiyo yomwe ikutipatsa udindowo. Ngati chakudya n'chosowa m'dziko, ndiye kuti kuchimwaza ndi kuchidya mopitirira n'kulakwira anzathu koposa. Kukumbukira 2002 kuyenera kutipangitsa kusamala thumba, osati kulimaliza usiku umodzi.

Tsono kodi kudziletsa n'kuumira? Ine ndikuti ayi, malinga chimene wabweza pakamwa chikafike pakamwa pa wina, kapena chikatalikitse masiku amene mnzako adzakhale nawe uli woyenda ndi miyendo yako. Zikapanda kutero, ndiye kuti ndi umbombo womwe uja, ungodzitchula dzina la kuchipatala. Makolo adati kupatsa n'kuika, ndipo palibe angapatse ngati adadya zonse.

Inu amene mwakolola chaka chino, mavenda asanafike ndi masikelo awo, tapezani madzulo amodzi mukhale pansi awiriwiri. Werengani matumba, werengani miyezi, pitani mukayezetse BP kuchipatala chapafupi. Kenaka mufunsane mayina a anthu amene adzadye nanu m'mwezi wa Febuluwale, ndipo thumba lawolo muliike padera lero lomwe.