Lachitatu: Mtima Wothamanga Popanda Wouthamangitsa

Werengani 1 Mafumu 19:1-8. Kodi mngelo anayamba ndi chiyani pothandiza Eliya?

Mneneri amene anali atangoima yekha pa phiri la Karimeli pamaso pa aneneri a Baala 450, tsopano akuthawa mawu a Yezebeli, ndipo ali m'chipululu kupempha imfa. Ambiri a ife timafulumira kunena kuti chikhulupiriro chake chinazilala. Tisanamuweruze, tiyeni tiyambe taona chimene chimachitika m'thupi la munthu wogwidwa ndi mantha, pakuti Iye amene anaumba thupilo anachita ndi Eliya monga wodziwa za m'kati mwake.

Ubongo ukazindikira choopsa, umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timeneti timathira adrenaline m'magazi. Mtima, umene mwa munthu wamkulu wopuma umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, umayamba kugunda mofulumira ndi mwamphamvu. Magazi amachoka pakhungu ndi m'mimba kupita ku minofu ya miyendo ndi manja. Walter Cannon wa ku Harvard anafotokoza zimenezi mu 1915, kuti thupi limadzikonzera kumenya nkhondo kapena kuthawa. Imeneyi ndi mphatso, pakuti popanda iyo palibe akadapulumuka njoka panjira.

Matenda a nkhawa ndi pamene mfuu imeneyi ikumvekabe chilombo kulibe. Mu 1871 dokotala Jacob Da Costa analemba za asilikali a nkhondo ya pachiweniweni ya ku America amene anali kudandaula za kugunda kwa mtima, phuma ndi kupweteka pachifuwa, koma mitima yawo inalibe chilema chooneka. Lero zizindikiro zoterezi zimadziwika bwino mwa odwala nkhawa. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo mwa anayi alionse, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amalandira chithandizo.

Chodabwitsa koposa chili m'mutu. Ubongo ndi magawo 2 okha mwa 100 a kulemera kwa thupi, koma umagwiritsa ntchito magawo 20 mwa 100 a okosijeni, ndipo magazi pafupifupi mamililita 750 amadutsamo mphindi iliyonse. Tikadayembekezera kuti mtima ukathamanga ubongo ulandira magazi ochuluka. Sizitero nthawi zonse. Munthu wamantha amapuma mwabefu, natulutsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa muyezo. Mpweyawu ukachepa m'magazi, mitsempha ya mu ubongo imaphwa, ndipo magazi ofika kumeneko amachepa. Pamenepo mpamene pamachokera chizungulire ndi chidima m'maso, pamodzi ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Wodwalayo, pomva zimenezi, amaganiza kuti akufa, mantha amakula, napumanso mofulumira koposa. Kawirikawiri chimphepochi chimafika pachimake m'mphindi 10 kenaka nkuyamba kuzilala, koma kwa iye amene ali m'kati mwake mphindi 10 ndi zaka.

Nkhawa ikakhalitsa miyezi ndi zaka, mtengo wake umakula. Kuthamanga kwa magazi kumakwera kawirikawiri, tulo timasowa, ndipo mtima supeza mpata wopuma. Mu 2010 ofufuza anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 20 wokhudza anthu pafupifupi 250,000, napeza kuti mwa anthu ankhawa chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chinali chokwera ndi magawo 26 mwa 100. Wolemba Miyambo 12:25 sanali kungokometsera mawu pamene anayerekeza nkhawa ndi katundu woweramitsa mtima.

Yerekezani Afilipi 4:6, 7 ndi Marko 14:33, 34. Kodi kuvutika mumtima ndi tchimo?

Pano tiyenera kulankhula mosapsatira. Mawu a Paulo analembedwa kuti akhale mkono wogwiriziza, koma m'mipingo yathu nthawi zina asanduka chikoti. Mlongo akanena kuti mtima ukumugunda usiku, timamuyankha kuti apemphere kolimba, ngati kuti mitsempha ya mu ubongo wake yaphwa chifukwa cha kusamvera. Iye amabwerera kwawo ndi akatundu awiri, matenda ndi manyazi. Komatu Yesu mwini, wopanda tchimo, anavutika kwakukulu m'Getsemane, ndipo anapempha abwenzi atatu kuti akhale naye pafupi.

Taonaninso dongosolo la Mulungu pa Eliya. Anamulola agone, anamupatsa mkate ndi madzi, anamulola agonenso, namudyetsanso. Funso lofufuza mtima wake linadza pambuyo pake, pa Horebu, patapita masiku 40. Ndipo pomaliza anamupatsa ntchito ndi mnzake, Elisa.

Tingatsate dongosolo lomweli. Tikakhala ndi munthu wogwidwa ndi mantha otere, tisamuunjirire kapena kumufuulira. Tikhale naye pansi, timuthandize kupuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya kwa nthawi yotalikirapo kuposa poukoka, pakuti kutero kumachepetsa liwiro la mtima ndi kubwezera carbon dioxide pa muyezo wake. Khofi ndi zakumwa zina zokhala ndi caffeine zimakuza kugundako. Koma kupweteka pachifuwa, kukomoka, kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi tisakutche nkhawa ife tokha: munthuyo apite kuchipatala msanga, chifukwa matenda a mtima, sitiroko ndi matenda a chithokomiro angaoneke mofananako. Madokotala akatsimikiza kuti ndi nkhawa, uphungu ndi mankhwala zilipo ndipo zimathandiza ambiri. Tipemphere naye, ndipo timuperekeze.

Funso lokambirana: Kodi m'kalasi mwathu munthu angathe kunena poyera kuti akumwa mankhwala a nkhawa monga momwe wina amanenera za mankhwala a shuga? Ngati sangathe, nchiyani chimene wamva kwa ife chomuletsa?