Kodi Kupumula pa Ulendo ndi Ulesi?

Abale anga akatekumeni, tsiku lina taimani pambali pa mseu wocokera ku Moatize kunka ku Zóbuè. Mudzaona malole akuthamangira ku malire, mudzamva sitima ya malasha ikulira kunka ku Beira kapena ku Nacala. Zonse ziri pa liwiro. Tsono munthu ayamba kuganiza kuti woyenda msanga ndiye wanzeru, wokhala pamthunzi ndiye waulesi. Kodi nzoona?

Tiyeni tifunse kwa anthu akutali. Kum'mawa, m'dziko la Laos, kuli mzinda dzina lake Luang Prabang. Unamangidwa pamene mtsinje wa Nam Khan uthira mu Mekong, monga Revúbuè athira mu Zambezi. Unali mudzi wa mafumu kufikira caka ca 1975, ndipo uli ndi akacisi oposa 30 a anthu otsata ciphunzitso ca Buddha. M'bandakuca amonke ao ayenda pamzere, opanda nsapato, osalankhula. Anthu agwada m'mbali mwa njira, naika mpunga m'mbale zao. Palibe wokankha mnzake, palibe wofuula.

Kuyambira caka ca 2021 sitima yaliwiro ifika kumeneko kucokera ku Vientiane m'maora awiri okha, ulendo umene pa galimoto unkatha tsiku lathunthu. Alendo acuruka. Ena atsekereza amonke njira ndi mafoni ao, ajambula, nathamangira kwina. Amenewa thupi lafika, koma mtima watsala m'sitima. Ena abvula nsapato pakhomo pa kacisi, akhala pansi, nakhala cete. Awa ndiwo afikadi. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cipembedzo cao si cathu ai, koma cabwino cikaoneka kwa mnansi sitiyenera kucinyoza.

Kapena wina adzati: “Aphunzitsi, mwana akadwala usiku, ndiyende monyang'wa? Mvula yoyamba ikagwa, ndigone pamkeka?” Iai, mbale wanga. Pamenepo thamangani, cifukwa cikondi ndico cikuthamangitsani. Koma pali liwiro lina losacokera ku cikondi, liwiro la mtima wosakhazikika, umene uona munthu aliyense ngati cipika cogwera pa njira. Limeneli ndilo loipa.

Ine ndemwe ndinagwamo. Tsiku lina basi inatifera pa njira ya ku Zóbuè. Ndinapsa mtima, ndinanyoza woyendetsa, maso ali pa wochi. Mai wina wokalamba anayala nsalu pansi pa mlambe, namasula kathumba ka masau, nandiitana. Pakudya masauwo ndinamva kuti akunka kukaika mwana wake. Maora atatu tinakhala mpando umodzi, ine mphunzitsi wa cikondi osamfunsa ngakhale dzina! Basi ikadapanda kufa, ndikadatsika osadziwa kuti ndakhala pambali pa misozi.

Cifukwa cake musacite manyazi kupumula. Mukafika pamudzi, khalani pansi, landirani madzi, perekani moni wonse, osaudula. Waulesi apumula kuti athawe ncito. Wanzeru apumula kuti aone anthu, ndi kuti amve za mumtima mwake. Inunso muli pa ulendo wa ku ubatizo, ndipo ena mudandaula kuti zaka zikucedwa. Dekhani. Kuthamanga si kufika.

Mafunso

1. Kodi liwiro labwino lisiyana bwanji ndi liwiro loipa?
2. Pa ulendo wanu wotsiriza, ndani amene munampitirira osamuona?