Wogula mandasi wathandiza kapena wangodya?

Ife timaphunzira masana, nchito ikatha. Sukulu yathu ndi khonde la nkhokwe ya gulu la alimi, kuno ku Angónia. M'mawa timasankha mbatatesi ndi nyemba, timayeza matumba pa sikelo, timasoka. Dzuwa likapendeka timakhala pansi ndi kutsegula mabuku.

Mu Januwale 2022 namondwe wochedwa Ana analowa m'dziko lathu. Mvula inagwa usana ndi usiku. Mtsinje wa Revubwe unasefukira. Unagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, unalowa m'nyumba ndi m'minda ya anthu okhala m'mphepete mwake. Mtsinje umenewu umayambira kuno kumapiri. Mvula imene inakulitsa cimanga cathu ndi yomweyo imene inatsikira kumunsi ndi kukawononga cimanga ca anzathu.

Tinakumana pankhokwe. Tinapangana kuphika mandasi ndi zitumbuwa, kugulitsa panchito pomwepo, ndi kutumiza ndalamazo kwa ovutika. Tsiku linafika, tebulo linaikidwa pakhomo, madengu anadzaza. Pamenepo agogo ena a m'kalasi mwathu anatifunsa:

"Aphunzitsi, ine ndagula mandasi awiri, ndadya, ndakhuta. Kodi ndathandiza munthu, kapena ndathandiza mimba yanga?"

Anthu anaseka. Ife aphunzitsi ndife ana pamaso pa agogowo, ndipo tsiku limenelo tinasowa coyankha. Funsolo tinapita nalo kunyumba. Lero tikulibweretsa kwa inu kuti tiganize pamodzi.

1. Tiwerengere

Tiyambe ndi masamu, pakuti masamu sanama. Tiyerekeze motere. Tagula ufa wa tirigu, mafuta, suga ndi yisiti pa mametikali 600. Taphika mandasi 200. Tagulitsa limodzi pa mametikali 5. Zonse pamodzi tapeza mametikali 1000. Ticotsepo 600 imene tinagulira zophikira. Yatsala 400.

Ndiye kuti pa mametikali 5 amene agogo analipira, atatu anabwerera kusitolo, awiri okha ndiwo anapita kwa ovutika. Agogowo akanaponya ndalama yawo m'mbale osatenga kanthu, onse asanu akanapita. Apa tiyenera kuvomera: funso la agogo lili ndi mano.

Masamu omwewa akutiphunzitsa cinthu cina. Zitumbuwa timaphika ndi nthoci zakupsa ndi ufa wa cimanga. Zonsezi zili kumunda kwathu, timangogula mafuta. Cikondamoyo sicifuna kukazinga, cimapsa mumphika, makala pansi, makala pacivundikiro. Tikaphika zimene timalima tokha, ndalama yotsala imaculuka. Wofuna kuthandiza ayenera kudziwa kuwerengera. Mtima wabwino wopanda masamu ukhoza kugwira nchito tsiku lonse ndi kulemeretsa mwini sitolo.

2. Wapereka ndani?

Tsopano tiyang'ane kuseri kwa tebulo. Mandasi sagwa kumwamba. Pali amayi amene anadzuka tambala woyamba kukanda ufa. Pali mtsikana amene anatunga madzi. Pali abambo amene anawaza nkhuni. Pali mwini nthoci amene sanapite nazo kumsika. Anthu awa sanalandire malipiro. Iwo anapereka mphamvu zawo ndi tulo tawo.

Wogula waoneka ndi maso a anthu onse, cifukwa ndalama imalira m'mbale. Wophika saoneka, cifukwa anagwira nchito kukali mdima. Koma tikafunsa kuti wapereka kwambiri ndani, yankho lili ku mafuwa. Tikamathokoza, tiyambe ndi ophika. Ndipo tidzifunse: cifukwa ciyani nchito ya pamoto imagwera amayi okhaokha, pamene mbale ya ndalama imagwiridwa ndi abambo? Abambo nawonso akhoza kukanda ufa. Amayi nawonso akhoza kusunga kabuku.

Nanga wogula alibe gawo? Ali nalo. Thukuta la wophika silingayende mpaka ku Tete. Mandasi sangayende, akhoza kuuma m'njira. Wogula ndi amene amasandutsa thukuta lija kukhala ndalama, ndipo ndalama imayenda.

Makolo athu ankadziwa zimenezi. Munthu akalephera kulima munda yekha, ankafulula mowa kapena thobwa, ndi kuitana dima. Anthu ankabwera ndi makasu, ankalima, kenako ankamwa. Kodi alipo amene anganene kuti olima dima sanathandize, poti anamwa thobwa? Munda unalimidwa. Thobwa silinacotse thandizo, linangosonkhanitsa makasu. Mandasi ndi thobwa la dima lathu la lero. Munthu amene sakanaima kuti aponye ndalama m'mbale, amaima akamva fungo la mafuta. Akaima amamva nkhani ya Revubwe. Akamva, mwina mawa abwera ndi dengu la nyemba.

3. Ndalama yocepa

Ena anati: "Mametikali 400 angamange mlatho?" Sangamange. Tisadzinamize. Mlatho ndi nchito ya boma. Mu Malici 2019 namondwe Idai anagunda mzinda wa Beira, ndipo anthu oposa 600 anafa m'dziko lathu. Patangotha milungu isanu ndi umodzi, Kenneth anagunda Cabo Delgado. Mu 2023 Freddy analowa kawiri, koyamba pafupi ndi Vilankulo mu Febuluwale, kaciwiri pafupi ndi Quelimane mu Malici, ndipo anapitirira kukagumula mapiri ku Malawi. Tsoka lotere silingathe ndi dengu la zitumbuwa.

Koma munthu amene nyumba yake yagwa safunsa mlatho usiku woyamba. Amafuna ndowa, mphika, bulangete, sopo ndi madzi abwino. Madzi osefukira amadzaza zimbudzi ndi zitsime pamodzi, ndipo pambuyo pake pamabwera kolera. Zinatero ku Beira mu 2019, zinateronso ku Quelimane mu 2023. Kabotolo ka mankhwala othira m'madzi akumwa, monga Certeza, ndi kotsika mtengo, koma kangapulumutse mwana. Zinthu izi ndalama yocepa imagula.

Tikumbukire za pamaliro. Mayi aliyense amapita ndi kambale ka ufa. Palibe kambale kamene kangadyetse anthu onse a pasiwa. Koma timbale tikathiridwa m'dengu limodzi, palibe wogona ndi njala. Amene amakana kupereka ponena kuti ufa wake ndi wocepa, nthawi zambiri sakudandaula za kucepa. Akungofuna njira yobwerera nawo kunyumba.

4. Colakwa cathu

Apa tiulule zimene tinalakwa. Pofuna kulimbikitsa anthu, tinalemba pabolodi maina a ogula ndi ndalama zimene aliyense anapereka. Tinkaganiza kuti ndi phunziro labwino la kuwerenga. Amene anagula zambiri anakondwa kuona maina awo pamwamba.

M'mawa mwake amayi ena sanabwere kusukulu. Tsiku laciwiri sanabwerenso. Titapita kukawaona anati: "Ana anga, mwandiphunzitsa kuwerenga dzina langa. Dzulo ndawerenga bolodi lonse, dzina langa palibe. Anthu onse aona kuti ndilibe kanthu."

Amayi amenewa ndi amasiye. Ndi omwewo amene anasenza mtolo wa nkhuni zimene tinakazingira mandasi. Ife tinalemba ndalama, tinaiwala nkhuni. Tinafuna kupukuta misozi ya anthu a kutali, ndipo tinaliza munthu wa pakhomo pathu. Tinapepesa, tinafufuta bolodi.

Panchito pali ngozi ina. Pali akulu ndi ang'ono, pali kapitawo ndi wosenza matumba. Kapitawo akaimirira patebulo ndi kuyang'ana amene akugula, wosenza matumba amagula cifukwa ca mantha, ngakhale kunyumba kulibe mcere. Imeneyo si mphatso, ndi msonkho. Mphatso imafuna kuti munthu akhale ndi ufulu wokana. Tebulo likhale poyera, koma wodutsa adutse mwamtendere, osaitanidwa ndi dzina, osasekedwa.

5. Ndalama ya ovutika ilembedwe

Maina a ogula asalembedwe pabolodi. Koma ndalama yonse ilembedwe. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kubisa wopereka ndi ulemu. Kubisa ndalama ndi ciyambi ca kuba.

Ambiri a ife tinamvapo za thandizo limene linanyamuka koma silinafike. Munthu akanyengedwa kamodzi, ulendo wina amatseka dzanja. Wakuba ndalama ya ovutika amaba kawiri: amaba ya lero, amabanso ya mawa imene anthu sadzaperekanso.

Nchifukwa cake ife tinasankha anthu atatu, amayi awiri ndi bambo mmodzi. Wina amalandira, wina amawerenga, wina amalemba m'kabuku. Madzulo amawerengera pamaso pa onse: tagula zakuti, tagulitsa zakuti, zatsala zakuti. Ndalama ikamapita, ipite m'manja odziwika, monga a Cruz Vermelha kapena a INGD, bungwe la boma loona za ngozi zotere. Wopereka abwere ndi kalata yosonyeza kuti yalandiridwa, ndipo kalatayo iwerengedwe mokweza.

Apa tikuona phindu la sukulu yathu. Kale tinkangomva kuti "ndalama yapita". Lero timafunsa kuti yapita ingati, yapita kuti, walandira ndani. Munthu wodziwa kuwerenga savuta kumuthandiza, koma amavuta kumunyenga.

6. Madengu akatha

Pali ngozi yotsiriza, ndipo ili mumtima. Madengu akatha timatsuka miphika, timamva bwino, timati tamaliza. Wailesi nayo imasiya nkhaniyo ndi kuyamba ina. Koma madzi akaphwa mavuto satha. Munda wakwiririka ndi mcenga. Mbewu yapita. Njala yeniyeni imafika patapita miyezi, pamene anthu onse aiwala.

Ngati tinaphika kuti mitima yathu ipepuke, tsiku limodzi ndi lokwanira. Ngati tinaphika cifukwa ca anzathu, tiyenera kufunsanso mwezi wa mawa: kodi ali bwanji? Ife a kumapiri tili ndi cimene a kumunsi amasowa ikayandikira nthawi yodzala, ndico mbewu ya cimanga ndi nyemba. Tebulo laciwiri, limene palibe amene akuliyembekezera, ndilo limaonetsa ngati loyamba linali loona.

Ndipo tisaganize kuti ife ndife opereka masiku onse. Kuno kumagwa matalala, kumabwera cilala, nkhokwe zimapsa. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Wolandira lero si wopemphetsa. Ndi mlimi ngati ife, amene mtsinje unamufikira poyamba.

7. Yankho kwa agogo

Patapita masiku tinabwerera kwa agogo aja. Tinati: "Agogo, mwadya, ndi zoona. Mwathandizanso, ndi zoonanso. Kudya sikunafufute kuthandiza. Koma musaganize kuti mwapereka zonse zimene munalipira, ndipo musaiwale amene anaphika."

Agogo anakhala cete pang'ono. Kenako anati: "Ndiye ulendo wina ndidzabwera ndi mkoko wa nthoci. Mandasi ndidzagula limodzi lokha, mano anatha."

Ife tikuganiza kuti agogo anamvetsa kuposa aphunzitsi awo. Kugula ndi khomo lolowera. Munthu asaime pakhomo. Alowe, afunse kuti kukufunika ciyani, ndipo abweretse cimene ali naco, kaya ndi ndalama, kaya ndi nkhuni, kaya ndi dzanja lodziwa kulemba.

Tikambirane

1. Pamudzi panu kapena panchito panu, munasonkhapo thandizo la anthu ogwa m'tsoka? Munacita bwanji?
2. Gulu lagula zophikira pa mametikali 300, ndipo lagulitsa zitumbuwa 150 pa mametikali 5 cimodzi. Yatsala ndalama zingati?
3. Cifukwa ciyani amayi amasiye aja anasiya kubwera kusukulu? Inu mukanacita ciyani?
4. Kodi kubisa dzina la wopereka kukusiyana bwanji ndi kubisa ndalama?
5. Chulani zinthu zitatu zimene munthu wopanda ndalama angapereke.

Tilembe

Lembani m'makope mwanu mawu awa: thandizo, namondwe, mlatho, dima, mphatso, kabuku. Sankhani awiri, ndipo mupange ciganizo canucanu pa liwu lililonse.