Khutba ya Jumu'a: Kudziteteza pa Mlandu wa Nkhanza za m'Banja

Tikumtamanda Allah, Mwini chilungamo, Woona zochitika kuseri kwa zitseko zotseka. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse.

Akapolo a Allah, tilangizane za kumuopa Allah poyera ndi mobisika, makamaka m'nyumba zathu.

Mwamuna akaitanidwa ku polisi kuti akayankhe mlandu wozunza mkazi wake, achibale amathamangira kumzikiti ndi funso limodzi: tichite chiyani kuti m'bale wathu atuluke? Lero tiyankha funsoli pamaso pa nonse.

Choyamba, tidziwe lamulo. Dziko lathu la Mozambique lili ndi lamulo nambala 29/2009, la pa 29 Seputembala 2009, lolanga nkhanza za m'banja. Silinena za kumenya kokha. Kuopseza, kunyoza, kuumiriza za kuchipinda ndi kuwononga katundu wa mnzako wa m'banja zilimo. Ndiponso mlanduwu ndi wa boma, umene Chipwitikizi chimautcha crime público: ukafika m'manja mwa oimira boma pa milandu, a Ministério Público, suthera pakuti mkazi wanena kuti wakhululuka.

Chachiwiri, woimbidwa mlandu ali ndi ufulu. Malamulo aakulu a dziko lino amamuyesa wosalakwa kufikira bwalo litagamula, ndipo amampatsa ufulu wokhala ndi womuimira. Wopanda ndalama zolipira advogado apite ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu. Chisilamu sichitsutsa zimenezi. Mu Shariya, wodandaula ndiye amabweretsa umboni. Kumbukirani Yusuf, mtendere ukhale pa iye, m'mene ananamiziridwa ndi mkazi wa bwana wake. Chinaonetsa kuyera kwake ndi malaya ong'ambika kumbuyo. Choncho amene wanamiziridwa asathawe kuwoloka malire, asabisale kumunda, ndipo asabwezere. Akaonekere pa tsiku limene waitanidwa, atchule mboni zimene zinaonadi, alankhule zoona kwa womuimira, atsatire zimene woweruza walamula, ngakhale atauzidwa kuti ayambe wachoka panyumba. Ife tisamuweruze pabwalo la mzikiti mlandu usanazengedwe.

Koma abale, kudziteteza kuli ndi malire. Pali njira zitatu zimene zazolowereka pakati pathu, ndipo zonse ndi haramu.

Yoyamba ndiyo kutumiza akuluakulu kwa mkazi kuti akasinthe mawu ake, pomuopseza ndi talaka, pomulanda ana, kapena pomuuza kuti wachititsa Asilamu manyazi. Manyazi anabwera ndi dzanja limene linamenya, osati ndi pakamwa pamene panadandaula.

Yachiwiri ndiyo kupangana mboni zabodza. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaika umboni wonama pamodzi ndi shiriki ndi kunyoza makolo pa mndandanda wa machimo aakulu. Mu Surat An-Nisa, ayah 135, Allah akutilamula kuima pa chilungamo ngakhale umboniwo utatsutsa ife eni, makolo athu kapena abale athu.

Yachitatu ndiyo chiphuphu. Wopereka ndi wolandira onse anatembereredwa.

Mayi wathu Ummu Salama, Allah asangalale naye, anasimba chenjezo la Mtumiki kwa obwera ndi milandu. Tanthauzo lake ndi lakuti wina akhoza kuposa mnzake pa luso la kulankhula, woweruza n'kumukomera. Koma chimene watenga mopanda chilungamo ndi chidutswa cha Moto. Taonani, ngakhale chigamulo cha Mtumiki weniweniyo sichisandutsa bodza kukhala halali. Nanga chigamulo cha tribunal? Advogado waluso angakutulutse m'ndende, koma sadzakuimira pa Tsiku la Qiyama, pamene manja adzanena okha zimene anachita.

Ndipo wina asabise nkhonya zake m'chipembedzo. Mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, anachitira umboni kuti Mtumiki sanamenyepo mkazi kapena wantchito ndi dzanja lake. Sunnah yake ndi imeneyo.

Tikupempha Allah atikhululukire ife ndi inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

Khutba yachiwiri

Timtamande Allah, ndipo timpemphere madalitso Mtumiki Wake.

Akapolo a Allah, nanga amene walakwadi achite chiyani? Nayenso ali ndi ufulu wa womuimira, kuti chilango chisapyole kulakwa kwake. Koma chitetezo chake chenicheni ndi tawba: avomere, aleke, alipire zimene anawononga, apemphe chikhululuko kwa amene anamulakwira popanda kumukakamiza. Tchimo lolakwira munthu silifafanizika ndi swala ndi kusala kokha.

Inu achibale, Mtumiki anatiphunzitsa kuti m'bale wopondereza timamthandiza pomletsa kupondereza. Mperekezeni ku IPAJ, samalani ana ake, koma musamuname. Ankhoswe a mbali ziwiri, amene ayah 35 ya An-Nisa imawatchula, ntchito yawo ndi kuyanjanitsa okangana, osati kukwirira mabala. Mlongo wathu wovulazidwa apite kuchipatala ndi ku Gabinete de Atendimento ya apolisi, ndipo pakhomo pa mzikiti apeze omperekeza. Mlongo amene angaganize zonamizira mwamuna wake, nayenso aope Allah yemweyo.

E Allah, tetezani oponderezedwa, yeretsani onamiziridwa, ongolani opondereza. Ikani bata ndi chifundo m'nyumba zathu, ndi chilungamo m'mitima ya oweruza athu. Amin.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chifundo.