Mangani Chikulunga Chonga Dambe

Dzuwa la ku Mtakataka likayamba kupendeka, cha m'ma 3 koloko masana, kaimeni m'mphepete mwa msewu wa M5 muwerenge ana. Kusukulu aweruka kalekale. Ena aunjikana pakhomo la vidiyo, akusuzumira pa kabowo ka chiguduli poti ndalama yolowera alibe. Ena azungulira achimwene awo amene akubetcha mpira wa ku England pa foni. Kumjigo kuli kamtsikana ka Sitandade 7, chidebe chinadzaza kale, madzi akungotayikira pansi, koma iko sikakusenza, chifukwa pambali paima njinga ndipo mwini wake, munthu wandevu zake, akulankhula motsitsa mawu. Maola amenewa, kuyambira poweruka mpaka nkhuku kulowa m'khola, ndi amene akutidyera ana.

Dera lathu lino linadziwika kutali chifukwa cha mayi mmodzi. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anagwira ntchito ya usekilitale ku Zomba zaka zambiri asanaitanidwe kudzalowa ufumu mu 2003, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, anaimitsa mafumu amene ankavomereza mchitidwewu, nabwezera ana m'kalasi. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Zonsezi n'zazikulu. Koma mfumu ingathe kubweza mwana kusukulu m'mawa. Masana singakhale naye. Lamulo silingaime pamjigo. Masanawo anatisiyira ife.

N'chifukwa chake ndikulankhula nanu, achimwene amene munalemba mayeso a Fomu 4 ndipo mukudikira ntchito imene sikubwera. Ndikulankhula nanu aphunzitsi, nanu achemwali amene munkamwetsa zigoli pa ntchemberembaye musanakwatiwe, nanunso amalume amene munapuma upolisi, inu amene munaona ndi maso anu momwe pasukulu ya apolisi pano pa Mtakataka amasandutsira mnyamata wolobodoka kukhala munthu woima chilili m'miyezi yowerengeka. Sindikupempha ndalama. Ndikupempha maola awiri, kawiri pa sabata, ndi bwalo limodzi. Ndipo ndikupempha kuti pabwalopo muyese masewera amene kuno ambiri sitinawagwirepo, a rugby.

Ndikudziwa chimene mwayankha mumtima: masewera a azungu amenewo, ogwetsana ngati nkhunzi, atithandiza chiyani ife a mpira wamiyendo? Dikirani ndikuuzeni za mnzanga wina wa ubwana. Anali wonenepa, wa miyendo yolemera. Tikamagawana matimu pabwalo la sukulu, iye ankatsala yekha pakati, manja kumbuyo, mpaka wina anene kuti, "Basi, akhale pagolo." Zaka zonse za ku pulayimale anaima pakati pa miyala iwiri, ndipo chigoli chikalowa tonse tinkamutukwana. Atafika Sitandade 6 anasiya kubwera kubwalo, kenako anasiya kubwera kusukulu. Mpaka lero ndikamuganiza mtima umandiwawa, chifukwa tsopano ndikudziwa kuti alipo masewera amene mwana wotere ndiye amasankhidwa poyamba. Mu rugby ya anthu 15, wonenepa ali ndi malo ake kutsogolo, pamene anthu asanu ndi atatu amakolowekana mapewa n'kukankhana ndi anzawo. Wamtali ngati mgwalangwa ali ndi ntchito yake, yodumphira mpira ukamaponyedwa kuchokera kunja kwa mzere. Kafupi kochenjera ndiko kamatola mpira kumapazi a zimphonazo n'kuugawa. Wowonda wa liwiro amadikira kumphepete. Palibe thupi limene Mulungu analenga limene masewerawa amalikana.

Ndiye pali lamulo limodzi limene linandigwira mtima tsiku loyamba kulimva. Mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja. Mungathamange nawo, mungaumenye ndi phazi, koma mukafuna kupatsira mnzanu, ayenera kukhala pambali panu kapena kumbuyo kwanu. Taganizani zimene lamulo limeneli limachita m'mutu mwa mwana wa zaka 10. Amene wagwira mpira sangadalire wina amene wabisala kutsogolo kudikira zopsapsa. Ayenera kupita yekha kukakumana ndi adani, akawakokere kwa iye, kenako acheuke, aone amene akumutsatira, amupatse. Amene alibe mpira sangaime n'kumakuwa kuti "Kuno! Kuno!" Ayenera kuthamanga pambuyo pa mnzake, pafupi, kuti mnzakeyo akapanikizika asasowe wolandira. Ana a kwathu amadziwa kale zimenezi mwa njira ina. Ngoma ya Angoni a kwa Kachindamoto savina munthu mmodzi. Phazi limagunda pansi pamodzi, fumbi limadzuka pamodzi, ndipo amene wathamangira patsogolo pa nyimbo amaonekera.

"Koma ine rugby sindiidziwa." Palibe anabadwa akuidziwa. Ya ana aang'ono njosavuta kuposa bawo, ndipo mulibe kugwetsana. Ng'ambani chitenje chakutha, mupange timizere totalika ngati mkono. Mwana aliyense atsomeke tiwiri m'chiuno, kena kumanja kena kumanzere, tizilendewera ngati michira. Wogwira mpira akasololedwa kansalu, aime, apatsire mnzake. Amene wadutsa onse n'kukagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa adani, wachinya. Basi. Malamulo enawo mudzawaphunzira ana akamakula, ndipo bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, World Rugby, linaika maphunziro aulere a makochi ongoyamba kumene pa intaneti. Bandulo imene imathera kubetcha ingakwanire. Kuno kwathu nakonso si zachilendo kotheratu: bungwe la Bhubesi Pride lakhala likuphunzitsa rugby ana a sukulu za pulayimale, anyamata ndi atsikana omwe, ku Lilongwe. Ana a ku Lilongwe alibe miyendo itatu.

Za mpira musadandaule. Yang'anani m'mwamba mukamadutsa pansi pa mlambe uliwonse pakati pa Golomoti ndi Mua: mpira wa rugby ndi dambe lenileni, wautali, wosongoka uku ndi uku. Dambe lenilenilo musaponyerane, ndi louma, lingaphwanye mwana mphuno. Ingolitolani, muliike patsogolo pa ana amene amamanga chikulunga, muwauze kuti, "Lero mangani chonga ichi." Muone manja awo. Ayamba ndi masanza pakati, akulunga majumbo, akoka mphira ya chubu cha njinga, amanga mfundo ndi mano. Ola lisanathe mpira mwaupeza, ndipo ukagwa pansi udumphira kumene wafuna wokha, monga momwe weniweni umachitira, ana n'kugwa nako kuseka.

Tsopano mverani nkhani ya mwana wina wa ku Zwide, komboni ya mumzinda wa Port Elizabeth, umene lero ukutchedwa Gqeberha, ku South Africa. Anabadwa mu 1991 kwa makolo amene nawonso anali achichepere, naleredwa ndi agogo ake aakazi. Masiku ambiri ankagona ndi njala. Chimene chinamugwira kuti asatayike chinali kalabu ya rugby ya m'dera lawo, African Bombers, ndi mphunzitsi wina, Eric Songwiqi, amene anamuona akusewera pa bwalo lafumbi namutengera kusukulu yake ya Emsengeni. Ali ndi zaka 12, mwanayo anaonedwa pa mpikisano wa ana, napatsidwa mwayi wa maphunziro aulere pa sukulu ya Grey. Mu 2018 anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya dziko lawo, Springboks, timu imene nthawi ya tsankho inali chizindikiro cha azungu. Mu 2019 ku Japan ananyamula chikho cha dziko lonse atagonjetsa England 32 kwa 12, ndipo mu 2023 ku Paris anachinyamulanso atapambana New Zealand 12 kwa 11. Dzina lake ndi Siya Kolisi. Mu timu ya 2019 ija munalinso Makazole Mapimpi, mwana wa kumudzi wa Tsholomnqa, ndi Tendai Mtawarira, wobadwira ku Harare.

Aliyense akamva nkhaniyi amayang'ana chikho. Ine ndimayang'ana mphunzitsi uja. Tsiku limene anaima pa bwalo lafumbi ku Zwide sankadziwa kuti pakati pa ana osavala nsapatowo pali kaputeni wa dziko. Anangobwera, monga anabwerera dzulo lake. Ndipo sindikunamizani kuti pa bwalo lanu padzatuluka Kolisi. Mwina sadzatuluka. Chimene chidzatuluke ndi mwana amene Lachiwiri ndi Loweruka masana aliyense akudziwa kumene ali, amene pali munthu wamkulu mmodzi wodziwa dzina lake, wozindikira akajomba, wofika pakhomo kudzafunsa kuti, "Mayi, mwanayu sitinamuone kubwalo, kwagwanji?" Funso limenelo lokha lapulumutsa ana ambiri kuposa misonkhano ya m'mahotela.

Tikambe za alawansi, poti ndi pamene ntchito zambiri zabwino zimafera. Tinazolowera kuti chilichonse chothandiza mudzi chimabwera pa galimoto yoyera, ndi fanta, ndi pepala losainira. Galimoto ikasiya kubwera, komiti imatha. Ntchito iyi ilibe envelopu. Mudzapsa ndi dzuwa la Okutobala, anzanu a pa bawo adzakusekani kuti mwasanduka mlezi, ndipo tsiku lina mudzafika pabwalo n'kupeza ana atatu okha chifukwa ena onse ali ku Bwanje kuingitsa mbalame mumpunga. Sewerani ndi atatuwo. Kholo lina lidzakuuzani kuti masewera sadyetsa, ndipo lidzakhala likunena zoona zake, pakuti mbuzi zikufuna wozibusa ndipo madzi sadzitunga okha. Musakangane nalo. Khalani pansi, mugwirizane maola, mulonjeze kuti mwana azifika pakhomo dzuwa lisanalowe, ndipo lonjezolo mulisunge ngakhale masewera atakoma bwanji. Ine amene ndikulemba pano ndinaphunzira kumenya mpira kwa bambo wina wosoka nsapato, amene ankatseka kabenchi kake 4 koloko, kutaya makasitomala, kuti akatiimbire wezulo. Sanalandirepo tambala. Pa maliro ake tinanyamula bokosi ndife, amuna a ndevu zaimvi, ena ochokera ku Blantyre, ena ku Joni, ndipo panalibe amene anachita kuitanidwa.

Koma amene wapatsidwa ana a eni wapatsidwa chinthu choopsa, ndipo apa ndilankhula mosapsatira. Yambani mwakaonekera kwa a mfumu, kwa ahedi ndi kwa amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu. Pabwalo pazikhala akuluakulu awiri nthawi zonse, ndipo ngati pali atsikana, mmodzi akhale mayi. Kochi saitanira mwana kunyumba kwake, samuperekeza yekha kumdima, samupatsa mphatso zam'seri. Chikwapu chisafike pabwalo, ngakhale mawu onyoza. Musanayambe, ana ayende mzere umodzi kutola minga, miyala ndi magalasi. Chidebe cha madzi akumwa chikhale pamthunzi, chifukwa kutentha kwa kuno kunsi kwa phiri si kwa ku Dedza boma. Mwana akagunda mutu n'kuoneka wozunguzika, tsiku limenelo asabwererenso m'bwalo ngakhale alire, ndipo apite naye kuchipatala. Kugwetsana kudikire mpaka mutaphunzira bwino kaphunzitsidwe kake ndipo mwapeza bwalo la udzu.

Atsikana musawaike kumbali kuti aziimba nyimbo zochemerera. Apatseni mpira. Mtsikana amene amasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo ali ndi khosi ndi msana woposa wa anyamata ambiri a msinkhu wake, ndipo Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene anayambira kusewera mpira wamiyendo ndi anyamata ku Rumphi, anatseka kale pakamwa onse onena kuti bwalo ndi la amuna. Musaiwalenso ana a pasukulu ya osamva ku Mua. Masewera a tinsalu aja safuna khutu. M'malo mwa wezulo kwezani mbendera, ndipo mudzaona ana olankhula ndi manja akupatsirana mpira mwaluso loti akumva adzachita nalo nsanje.

Chinthu china chimene ndimachikonda mu rugby ndi ichi: mwambo wake ndi woti woyimbira akagamula, wolankhula naye ndi kaputeni yekha, mwaulemu, ena onse amabwerera m'mbuyo. Ife amene taona masewera a m'midzi akuthera m'zibakera, woyimbira akuthawira m'chimanga, tikudziwa mtengo wake wa mwambo umenewu. Uphunzitseni tsiku loyamba, ana asanadziwe n'komwe kugwira mpira. Masewera akatha, matimu onse awiri apatsane moni wa m'manja, amwere kapu imodzi.

Loweruka likubwerali, dzuwa likapendeka, tengani chitenje chakutha chija ndi dambe lanu. Odutsa pa msewu adzaima kudabwa. Ana adzabwera okha, poyamba asanu, kenako khumi, ena atabereka ang'ono awo kumsana. Chikulunga chikamangidwa, yang'anani kumapeto kwa gulu. Mudzamuona wonenepa uja ataima payekha, manja kumbuyo, akudikira kuti mumutumize pagolo. Muitaneni ndi dzina lake, mumuike mpira m'manja, muuze enawo kuti afole kumbuyo kwake, ndipo muimbe wezulo.