Mlendo ndi Mame: Za Chikondi cha Masabata Awiri

Kadoma ndi Chegutu ndi matauni oyandikana pamsewu waukulu wochoka ku Harare kunka ku Bulawayo, ndipo m'nthawi ya atsamunda ankatchedwa Gatooma ndi Hartley. Golide wa mgodi wa Cam and Motor, minda ya thonje ndi mafakitale a nsalu a David Whitehead zinakoka amuna ambiri a ku Nyasaland, ndipo ochuluka mwa iwo anachona. N'chifukwa chake Chinyanja chimamvekabe pakamwa pa achikulire m'makomboni monga Rimuka ndi Pfupajena. Ntchito zitayamba kutha pambuyo pa ndondomeko ya ESAP ya 1991, Edzi itatenga makolo ambiri, boma litagwetsanso nyumba za osauka mu 2005 pa Murambatsvina, ana ena anayamba kugona m'makonde a masitolo. Akhristu anatsegula nyumba zolereramo ana otere, ndipo kumeneko kumafika alendo ongodzipereka ochokera kutsidya kwa nyanja. Amakhala masabata awiri kapena atatu, kuphunzitsa nyimbo, kupenta zipupa, kufungatira ana, kenako n'kukwera ndege. Funso lathu nali: kodi chikondi chokhala ndi tsiku lonyamukira chingachize mwana amene bala lake ndi kusiyidwa?

Tiyambe ndi kuvomereza zabwino, pakuti sichilungamo kunyoza munthu amene wasiya zake kudzatumikira ana a eni. Makolo anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Iye amaona zimene eni mudzi anazolowera kuzilambalala, ndipo akabwerera kwawo amauza mpingo wake, ndalama za fizi ndi ufa n'kubwera. Oyendetsa nyumbazi amadziwa kuti alendo akaleka kufika, thumba nalonso limauma.

Komabe makolo omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Katswiri wa maganizo a ana John Bowlby anaphunzitsa kuti mwana amakula bwino akakhala ndi womulera mmodzi wokhazikika amene angamudalire. Kafukufuku amene anayamba ku Bucharest mu 2000 anaonetsa kuti ana amene anachotsedwa msanga m'nyumba za ana amasiye n'kuikidwa m'mabanja anakula bwino kuposa anzawo otsala. Tsono taganizirani mwana amene anataya mayi, nathamangitsidwa ndi achibale, nazunzika mumsewu. Lero wapeza mlendo womuseketsa, wayamba kumutchula kuti anti, ndipo Loweruka lachiwiri galimoto lamutenga. Zikachitika kasanu pachaka, mwanayo amaphunzira chimodzi mwa ziwiri: kukakamira aliyense wachilendo, kapena kusakhulupiriranso munthu. Mlendo akaona ana akumuthamangira amayesa kuti wakondedwa, osadziwa kuti mwina akuona chipsera.

Pano nkhani yafika pa chikhalidwe. Immanuel Kant anatsutsa zosandutsa munthu chida chabe chokwaniritsira zofuna za wina. Ambiri obwera kuulendo wotere amachitira umboni kuti moyo wawo unasinthika, ndipo sitikuwakayikira. Koma ngati phindu lalikulu lapita kwa wobwerayo, pamene mwana watsala ndi chithunzi ndi misozi, ndani watumikira mnzake? Nzeru ya umunthu, imene Augustine Musopole anailemba mozama, imafunsa mopitirira apo. Timati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Munthu amakhala munthu m'ubale, ndipo ubale umadziwika pa maliro, pa matenda ndi pa mlandu, pamene wina ayenera kuima monga nkhoswe. Amene sadzakhalapo mwanayo akadzadwala malungo usiku angakhale bwenzi, koma sanafike pokhala mbale.

Palinso vuto lina. Ana ambiri a m'nyumba zotere si amasiye enieni. Lipoti la Save the Children la 2009 linati anayi mwa asanu aliwonse ali ndi kholo lamoyo. Amalawi tikukumbukira kuti mwana amene Madonna anamutenga ku Mchinji mu 2006 anali ndi bambo ake amoyo. Chimene chimalekanitsa ana ndi makolo nthawi zambiri ndi umphawi. Ndalama zikamatsata nyumba zodzaza ana, pamakhala chiyeso chosunga ana m'malo mowabwezera kwawo. Pozindikira zimenezi, dziko la Zimbabwe m'ndondomeko yake ya ana amasiye ya 1999 linaika nyumba zolerera ana pamapeto penipeni, pambuyo pa banja, achibale, mudzi ndi olera ongodzipereka. Mu 2019 msonkhano waukulu wa United Nations unachenjezanso za kuipa kwa maulendo okatumikira m'nyumba za ana amasiye.

Kodi tingoti ana onse abwerere kwawo? Pa zidzukulu za machona yankho limeneli ndi lopepuka mopambanitsa. Mwana wa Chishona kawirikawiri amakhala ndi mudzi kumene agogo ali ndi munda. Mdzukulu wa munthu wa ku Dedza kapena Mangochi, wobadwira mukomboni ya pamgodi, alibe mudzi wotere. Mwa mwambo wa Achewa mwinimbumba wake ndi amalume, koma iwo ali kutsidya kwa Zambezi, mwina sadziwa n'komwe kuti mwanayo anabadwa. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri otere opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a 2013 anayamba kukonza zinthu, ndipo kholo lopanda chitupa limavutika kulembetsa mwana. Kwa mwana wotere nyumba ya mpingo ingakhale khomo lokhalo lotseguka, ndipo kuitseka mwaphuma n'kumubwezera kukhonde la sitolo.

Njira ingaoneke m'fanizo limene alendowo amalidziwa bwino, la Msamariya wachifundo. Tikaliwerenga modekha tiona kuti Msamariyayo anali wapaulendo, ndipo anadziwa kuti sakhalitsa. Anapereka wovulalayo kwa mwini nyumba ya alendo, munthu wokhazikika pamalopo, namusiyira ndalama, nalonjeza kudzabweranso kudzalipira zotsala. Chifundo chake chinaonekera pa kulimbikitsa amene atsale. Chomwecho mlendo wanzeru ku Kadoma kapena Chegutu asalimbirane malo ndi mayi amene amasambitsa anawo tsiku ndi tsiku pa malipiro ochepa. Athandize kuti mayiyo alipidwe bwino, kuti pakhale wofufuza achibale a mwana, kuti chikalata cha kubadwa chipezeke, kuti agogo olandira mdzukulu apeze mbewu ndi fizi. Ku Blantyre bungwe la Chisomo Children's Club lakhala likugwira ntchito yobwezera ana a mumsewu kumabanja ndi kusukulu, ndipo ntchito yotere ilibe zithunzi zokopa, koma ndiyo imakhalitsa.

Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe timakonda kuutchula ngati chilolezo, pamene uli ngongole. Wako sumusiya pakatha masabata awiri. Choncho asanagule tikiti, wodziperekayo adzifunse ngati angalole kuti alendo osinthanasinthana azidzafungatira mwana wake wa iye mwini, n'kumapita. Akapeza kuti sangalole, asasiye kukonda ana a ku Rimuka, koma asinthe kakondedwe kake: abwere kwa akuluakulu olera, aphunzire kwa iwo, atumize zimene iwo apempha, ndipo ngati walonjeza mwana kuti adzabweranso, abwereredi.